Kalongonda wa Gusito

Amalume anandikokera kuseri kwa nyumba yachisoni ya pachipatala cha pa boma, kumene kunalibe anthu, n'kundiuza kuti ndinyamuke tsiku lomwelo kukatenga amayi ku Mozambiki.

"Ukawauze kuti Gusito wadwala," anatero. "Wadwala kwambiri, basi. Pakamwa pako pasatuluke china mpaka adzaponde pakhomo."

Kwathu ndi mmene timachitira. Mayi sauzidwa za imfa ya mwana wake ali panjira. Amauzidwa atakhala pamphasa, azimayi anzake atamuzungulira, kuti akamagwa agwere m'manja mwa anthu. Ndiye amayi athu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Bambo atamwalira, wina anawauzira kumsika, iwo n'kugwa pomwepo, ndipo maliro tinaika iwo ali chigonere m'chipatala. Amalume sanafune kugula mabokosi awiri.

"Ndiponso iwe ndiwe wolembalemba," anawonjezera. "Mbiri ya malemu ulembe ndiwe. Uzikalemba m'njira momwemo."

Gusito anali mng'ono wanga, kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. M'mawa wa tsiku limenelo njinga yamoto imene anakwera inawombana ndi lole, ndipo sanafike n'kuchipatala komwe ali moyo. Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa kusekondale, ndipo ndimalemba nkhani zopeka. Nkhani imodzi ndimatha nayo miyezi, kufufuta ndi kulembanso, mpaka mawu aliwonse atakhala pamalo pake. Gusito nayenso ankadzitcha wolemba. Anali ndi tsamba lake pa intaneti pamene ankamwazapo chilichonse chomwe chamubwerera m'mutu: chimene wadya, mvula yamunyowetsa, galu wa aneba wabereka. Ankalemba ndi chala chimodzi, dzanja linalo likusenda nthochi. Ndinawerengako kamodzi n'kumuuza maganizo anga mosabisa, kuti zimenezo si kulemba koma kubwebweta, ndipo kuti mawa lake palibe amene amazikumbukira. Iye anangoseka, monga ankachitira ndi chilichonse chimene ndamuuza.

Ndinakwera minibasi pa Chitakale dzuwa likupendeka, thupi lili zii ngati la munthu wina. Kondakitala anandifunsa kangapo kumene ndikupita ndisanamumve. Pa Muloza ndinatenga chiphaso choolokera malire, anyamata osintha ndalama n'kundizungulira, aliyense akulumbira kuti mnzakeyo ndi wakuba. Ndinagona kwa mnzanga wina ku Milanje, tsidya la Mozambiki, ndipo m'mawa ndinapita pamalo okwerera magalimoto opita cha ku Molumbo, kumene amayi anabwerera kukalima malo a makolo awo bambo atatisiya. Kumeneko foni siigwira, n'chifukwa chake panafunika miyendo ya munthu.

Galimoto yake inali kalole kotsegula kumbuyo, kamene kumeneko amati chapa. Mtengo umene anandiuza ine wovala jekete sunali umene anauza mayi wonyamula nkhuku amene anali patsogolo panga, koma ndinalibe mphamvu zokangana. Tinadikira kuti kadzaze, katadzaza tinadikira dalaivala, dalaivala atabwera tinadikira mlamu wake. Msewu wake ndi wafumbi ndi mabampu okhaokha. Pofika madzulo tonse tinali ofiira mpaka m'nsidze, ndipo njira yonseyo ine ndinkangoyeserera mumtima mawu awiri aja, wadwala kwambiri, kuti akadzatuluka adzatuluke osanjenjemera.

Amayi ndinawapeza akumenya nandolo pabwalo. Atandiona anasiya ndodo.

"Fanuwelo. Kwagwanji?"

"Gusito wadwala, amayi. Wadwala kwambiri. Amalume akuti mubwere."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso ali pa nandolo.

"Akudya?"

"Sakudya."

"Ndiye kalongonda wanga akadya," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Amene sadziwa kalongonda sangamvetse chimene mawu amenewo anatanthauza. Ndi nyemba zikuluzikulu zimene ife Alomwe timazikonda, koma zikapanda kupsa bwino zimazunguza mutu, mwinanso kudwalitsa. Umaziwiritsa, kutaya madzi, kusenda makoko, kuwiritsanso, kutayanso madzi, tsiku lonse lathunthu. Ndinawachonderera kuti tikwere chapa cha m'mawa. Ndinawauza kuti tikagula wopsa kale pa Chitakale.

"Wogula? Mwana wodwala ndikamupatse kalongonda wophika munthu amene sindimudziwa?" Anaseka pang'ono. "Ukudziwa wekha kuti uja akakana chakudya palibe china chimene chimamutsegula kukamwa. Tinyamuka mkuja."

Chapa cha m'mawa ndinachimva chikudutsa kumsewu ndili pansi pa mtengo wa mango. Kumudzi anthu ankatidikira, mtembo uli m'nyumba yachisoni, ndipo ndinalibe njira yowauzira kuti tachedwa chifukwa amayi akuphikira munthu wakufa. Sindinaonepo tsiku lalitali ngati limenelo. Kuti ndisachite misala ndinatulutsa pepala n'kuyamba mbiri ija. Ndinalemba kuti dzuwa lalowa masanasana, kuti phiri la Mulanje lawerama, kuti malemu anali mzati wa banja ndi nyali ya achinyamata. Ndinafufuta, ndinasinthanitsa mawu, ndinawerenga chamumtima kuti ndimve ngati zikugwa bwino m'khutu. Zinkagwa bwino ndithu, ndipo ndinadabwa kuona kuti ngakhale pa tsiku lotere mtima wanga unkakomedwa nazo.

Uko amayi anali kalikiliki. Ankasonkhezera moto uku akulalatira nkhuni, ankakhuthula madzi akuda kuseri kwa khola nkhuku n'kumabalalika. Dzuwa litapendeka anatapa pang'ono, anadya, n'kukhala pansi atatambalala miyendo, ali chete. Zonsezi ndinkaziona ndi pakona pa diso chabe, chifukwa ndinali pa ntchito yofunika.

"Ukulemba chiyani?"

"Za kusukulu."

"Inu ndi zolemba zanu," anatero. "Bwera udzandigwirire mphika."

Tinanyamuka m'mawa mwake, kalongonda ali m'poto womangidwa ndi nsalu, amayi atamufungata pamiyendo. Chapa chake chinali chodzaza matumba a nandolo, ife tinakhala pamwamba pake. Tisanapite patali tayala linaphulika. Lapadera linalipo, koma nalonso linali lopanda mpweya, choncho wina anakwera nalo njinga kupita kukapopetsa, ife n'kutsikira pamthunzi wa tchire.

Podikirapo amayi anayamba kucheza ndi anthu m'Chilomwe, chimene ine ndimamva koma kuyankha chimandivuta. Anawauza kuti akupita ku Malawi, mwana wawo wadwala kwambiri, ndipo mkulu wake wachita kubwera kudzawatenga. Ndinaona nkhope za anthu zikusintha mmodzimmodzi. Mayi wina amene ankatafuna nzimbe anasiya. Bambo wina wachikulire wovala chipewa chaudzu anadzuka, anabwera pamene ndinaima, n'kuyang'ana kumbali ngati akuona msewu.

"Pepani, achimwene," anatero motsitsa mawu, m'Chichewa. "Limbani choncho. Mwatsala pang'ono."

Ndinali ndisanaganizepo kuti bodza limeneli aliyense amalidziwa, kuti mawu amene ndinayenda nawo mosamala chonchi anali ngati belu la maliro kwa aliyense wowamva. Koma panalibe amene anatsegula pakamwa. Tayala litabwera, munthu amene anakhala kutsogolo ndi dalaivala anatsika yekha n'kuuza amayi kuti akhale kumeneko, kuli fumbi lochepa. Amayi anaima kaye, anayang'ana mpandowo, anayang'ana ine, kenako anakwera.

Tinafika pamalire dzuwa litadutsa pamutu. Ndinadziwa kuti tikangooloka, kafoni kawo kamene amamanga pakona ya chitenje kayamba kugwira, ndipo azimayi a kutchalitchi ayamba kuwaimbira foni kupepesa. Ndinawapempha kuti andibwereke, yanga yatha moto. Ndinakazimitsa n'kukaponya m'thumba la jekete, pamodzi ndi mbiri ija. Pamenepo ndinapuma. Kuchokera pa Muloza kukafika kunyumba kwa Gusito si patali, ndipo ndinadziuza kuti ntchito ndaigwira.

Minibasi inali ndi anthu ochepa, choncho tinayambanso kudikira. Ine ndi amayi tinakhala pampando wapakati. Kumbuyo kwathu kunali azimayi awiri a geni ya zitenje, mitolo yawo ili pamiyendo, ndipo mmodzi anali ndi foni yaikulu ija yoseretsa ndi chala.

"Tamvera iyi," anauza mnzake. "Iyi ndiye inandipweteka nthiti."

Ndipo anayamba kuwerenga mokweza, monga amachitira anthu m'minibasi, osasamala kuti ena akumva.

"Anthuni lero ndalakwa. Ndagula kalongonda pa Chitakale. Amene anaphika uyu anali pa changu, kaya mwamuna amamudikira kaya. Kwathu amayi anga akamaphika kalongonda amayamba ndi kutukwana nkhuni. Akuti nkhuni za masiku ano ndi zaulesi ngati bambo ako. Madzi amataya mpaka nkhuku zimasamuka mudzi."

Anthu anaseka. Sindinali nditawerengapo nkhani imeneyo, koma ndinadziwa mwini wake, ndipo ndinaona khosi la amayi likutembenuka pang'onopang'ono.

"Mayi inu," anatero amayi, "amene akuyankhulayo ndi Gusito."

"Eya, amayi. Mumamudziwa?"

"Ndimudziwe? Nanga wotukwana nkhuniyo ndani? Mwana wanga ameneyo." Nkhope yawo inawala, anandigunda ndi chigongono. "Wamva, Fanuwelo? Wandiika m'foni mwana wopusa uja. Mpaka za bambo ake."

Ndinatembenuka n'kumuyang'ana mayi uja, ndikupukusa mutu pang'ono. Anali wochenjera. Anaona poto, anaona fumbi lofiira pa zovala zathu, ndipo kumwetulira kunachoka pankhope pake. Anayamba kubisa foni pansi pa zitenje. Tikanapulumuka. Koma nthawi yomweyo bambo wina wonyamula thumba la makaka anali akukwera, ndipo anamva kachidutswa chabe ka nkhaniyo.

"Mukuwerenga za malemu Gusito?" anatero akudzipanikiza pakhomo. "Imfa ya mnyamata ameneyu yandipweteka ngati m'bale wanga. Akuti maliro achedwa, akudikira mayi ake achokere ku Mozambiki."

Dalaivala anazimitsa wailesi. Ine ndinawakumbatira amayi m'mapewa, ndikudikira kuti thupi lawo lilemere m'manja mwanga monga linachitira kumsika kuja. Mumtima ndinkatukwana foni, intaneti, ndi Gusito yemweyo, amene anadzisandutsa m'bale wa munthu aliyense wa m'boma lino moti imfa yake inasanduka nkhani ya pakhomo la minibasi. Ndinayenda ulendo wonsewo nditatseka pakamwa, ndipo zinyalala zake zomwe zija zinabwera kudzaphwasula zonse titatsala pang'ono kufika.

Amayi ankapuma mwamphamvu. Manja awo anagwira poto mpaka mitsempha kuonekera.

"Fanuwelo. Liti?"

"Tsiku limene ndinanyamuka, amayi. Ngozi ya njinga yamoto. Sanavutike."

Anagwedeza mutu. Sanagwe. Maso awo anali pamsana pa mpando wakutsogolo. Kondakitala anatseka chitseko mwakachetechete mipando ina ili yopanda anthu, chinthu chimene sindinachionepo pa Muloza, ndipo galimoto inanyamuka.

"Mayi," anatero amayi osatembenuka, "malizitsani. Munalekezera pa nkhuku."

"Amayi, pepani, ine sindimadziwa..."

"Malizitsani. Ndimumve."

Mayi uja anatulutsa foni. Mawu ake ankadukaduka, koma anawerenga.

"Ndiye akapsa amalawa okha kaye, n'kukhala pansi kutambalala, kudikira. Akuti ngati kuli kuzungulira mutu uzungulire wanga. Mwana sapatsidwa mpaka iwo ataona kuti ali bwinobwino. Ine ndakula ndithu koma palibe munthu wina amene anandilawirapo chakudya. Tsiku adzabwere amayi anga ndidzakugawirani nonse amene mumawerenga pano, aliyense pang'onopang'ono, mudzadziwe kuti zimene mumadya pa Chitakale ndi miyala."

Ndinakhala ngati wamenyedwa mbama. Dzulo lake lomwelo ndinawaona amayi akulawa, ndinawaona atatambalala ali chete, ndipo sindinadzifunse kuti akudikira chiyani. Ndinakulira m'nyumba imodzi ndi Gusito, ndinadya kalongonda yemweyo, koma sindinadziwe kuti mayi wathu ankayamba wadziyesera yekha poizoni asanatipatse.

Amayi anayamba kumasula nsalu ya papoto. Mfundo inali yolimba, ndinafuna kuwathandiza koma anandikankha dzanja. Atavundukula, fungo linadzaza minibasi.

"Anakulonjezani," anatero. "Tapani. Musaope, ndinalawa kale dzulo."

Poto anayenda mpando ndi mpando. Anthu ankatapa ndi zala, ena akulira, ena akutafuna maso ali pawindo kumene minda ya tiyi inkadutsa. Kondakitala anatapira dalaivala m'dzanja. Bambo wa makaka uja anakana, atabisa nkhope m'chipewa.

"Idyani, bambo," anatero amayi. "Simunamuphe ndinu."

Kenako anapempha nkhani ina. Mayi uja anaseretsa chala n'kuwerenga ya tsiku limene Gusito anagwa m'ngalande akuthawa mvula, ya mkazi wake akumuletsa kugona ndi masokosi, ya mwana wake woyamba akuphunzira kunena bodza. Amayi ankamvetsera atatsinzina. Pena ankati, "Ndi yemweyo," pena ankakonza, "Wanama, sikunali Lachisanu." Mpweya wawo unayamba kutsika, ndinkaumva ndi dzanja limene linali pamsana pawo. Anthu amene ankayenera kutsika m'njira sanatsike.

Titayandikira, mnzake wa mayi uja anandiyang'ana.

"Ndiye inu ndinu achimwene ake aphunzitsi aja? Iwe, wapezere ija ya aphunzitsi."

Ndinati asavutike, koma amayi anati awerenge.

"Achimwene anga aphunzitsi akuti zimene ndimalemba pano ndi kubwebweta. Mwina akunena zoona, iwo ndi ophunzira. Zawo ndi kalongonda, zimafuna tsiku lonse ndi nkhuni zambiri, ndipo zikadzapsa mudzanyambita zala. Zanga ndi chimanga chokazinga. Muzitafuna kaye podikira."

Pansi pake, anatero mayiyo, anthu ambiri anafunsa kuti buku la aphunzitsiwo lituluka liti. Ndinayang'ana panja, phiri lili pomwe limakhala, losawerama ngakhale pang'ono.

Dalaivala anasiya msewu waukulu osafunsa munthu n'kulowa kamsewu kopita kunyumba za pa esiteti. Anatitsitsa pafupi ndi pamene panali masamba oyalidwa pamsewu. Amayi anatsika okha, poto wopanda kanthu ali m'manja, anayenda okha mpaka pakhonde. Amalume anatuluka akukonzekera mawu awo, koma ataona nkhope ya mlongo wawo anayang'ana ine. Ndinangotambasula manja. Amayi anakhala pamphasa pakati pa azimayi, anaika poto pambali, ndipo pamenepo m'pamene analira.

Mbiri ija ndinaiwerenga pa maliro mmene ndinailembera. Anthu anaiyamikira, abusa anati Chichewa chake chinali chozama, ndipo akuluakulu a pa esiteti anapempha kuti ndiwakopere. Inali yolembedwa bwino, sindingakane, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti kulemba ndi ntchito yofuna thukuta. Amayi sananenepo kanthu za iyo. Chimene anandiuza titamaliza zonse chinali chakuti sabwereranso ku Molumbo, chifukwa kumene kuja foni siigwira.

Panopa amakhala kwa amalume ku Milonde. Ndikapita kukawaona, ndisanakhale n'komwe amandiuza kuti nditsegule tsamba la Gusito. Zolemba zake n'zambiri, tikamaliza timayambiranso. Ulendo wathawu ndinkawerenga ya galu wa aneba, ndipo ndinafika pamene mawu anali atapiringizana, mutu kumiyendo. Pakamwa panga panangowongola pokha, ndinawerenga mmene zinayenera kukhalira. Amayi anatsegula maso.

"Ameneyo ndiwe," anatero. "Bwerera, uwerenge mmene walembera mwana wanga."